Gireda Yafukula Bambo Anga

Awulutsi, ndine bambo wa kufupi ndi Manyamula, ndipo mtima ukundiwirabe. Msewu wathu wopita ku boma unakumbika zedi, moti gireda itabwera kudzausalaza tonse tinakondwa. Dalaivala wake, mlendo wochokera kumwera, anafunsa komwe kuli manda n'kuwalambalala. Sankadziwa kuti ife Angoni mwini mudzi timamuika pafupi ndi khola la ng'ombe.

Pochokera kumunda ndinapeza zidutswa za chikopa chimene tinakulungira bambo anga zili pamtunda, mafupa ali mbwee! Ndinamugwira pakhosi dalaivalayo.

"Pepani akulu, panalibe mtanda," anatero.

Mbwenu ndinangomusiya. Bambo tawaikanso, ndipo mayi alira maliro omwewo kawiri. Anzanga, gireda ikafika kwanu, siyani khasu mukaime pakhola.