Sitima sinadikire a Chimwala

Zaka zimenezo, cha kumayambiriro kwa ma 2000, kuno ku Al Barsha, mu Dubai muno, komwe takhalaku kunali mchenga wokhawokha, ndipo ukanati ukufuna kudzakhala kuno anzako akanakufunsa ngati wayamba kuweta ngamila. Njanji yam'mwambayi kunalibe, nsanja mumajambulitsapo zithunzi ija kunalibe, koma sitima zapamadzi zonyamula alendo zinali zitayamba kale kumaima pa doko la Rashid, kufika m'mawa n'kunyamuka madzulo. Tsono poti iwe Tadala ndi mwamuna wakoyu mwati mukwera yotereyi sabata yamawa, mafoniwo muyambe mwaika pansi, ndikuuzeni za a Chimwala.

Ine nthawi imeneyo ndinali nesi pa chipatala china ku Deira, ndipo Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinalipo ochepa, moti tinkadziwana tonse mpaka ndi matenda athu omwe. Mmodzi mwa ife anali a Tembo, injiniya wa ku Chipata, amene anakwatira mwana wa mlongo wawo wa a Chimwala. A Chimwalawo anali mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, wa ku Dedza, munthu woti akangokhosomola kalasi yonse inkaimirira. Mwana wawo wa ku Mangalande anawagulira ulendo wa pa sitima, iwo ndi akazi awo aNabanda, makamaka pofuna kuti mayiwo akaone nawo dziko, chifukwa moyo wawo wonse maulendo omwe ankawadziwa anali a kumaliro ndi kuchipatala basi. Sitimayo imaima pa Dubai tsiku limodzi lokha, kenako n'kuwoloka nyanja kupita ku India.

A Tembo anandipempha kuti ndiwaperekeze kukawachingamira ku doko. ANabanda anatsika kudzatipatsa moni, koma miyendo inali itatupa, ndiye anati kutenthaku sayenda nako, abwerera m'sitima. Chizungu sankachidziwa kwenikweni mayi amenewa, koma maso anali nawo, ndipo mmene tinakhala pa benchi paja anandiphunzitsa za pa sitima kuposa zomwe inu mukuwerenga pa intanetizo.

"Mwana wanga," anatero, "mmenemo chakudya sichitha, koma ndaona kuti wodzaza mbale ngati akuthawa nkhondo anzake amamuyang'ana. Umatenga pang'ono, ukafuna china n'kubwereranso, ndipo mbale umatenga ina yoyera. Dzana ndinayala chitenje pampando wa panja kuti ndiupeze ndikabwera kokadya. Ndinapeza achipinda bwinobwino achiika pambali, pampandopo pagona mzungu. Ndinangoti chabwino, kuno sasungirana malo."

Anandiuzanso za tsiku lomwe belu linalira kuti aliyense avale chovala choyandamitsa n'kukaima pamalo pake. Enafe tikanati n'zosewera, koma iwo anati anaitana mayina mpaka onse atapezeka. Makoma a zipinda ndi opyapyala, anatero, moti nyimbo zawo za m'mawa anayamba kuimbira mumtima. Pa chakudya chamadzulo chodya ndi kaputeni, pomwe azimayi ena anavala madiresi okhwekhwereza, iwo anatchena chilundu ndi duku lake, ndipo palibe anawabweza pakhomo. Pofotokoza zonsezi nkhope inali ngwee, ngati mtsikana amene wangoyamba kumene sukulu yogonera konko.

Pokwerera sitima anali atalembapo nthawi yoti aliyense akhale atabwerera. Mukaona cholembedwa chimenecho, ana inu, nthawiyo ndi ya sitima, osati ya wotchi yanu kapena ya mtima wanu. Ndinawalozera a Chimwala, iwo anangogwedeza dzanja.

"Musavutike, a nesi. ANabanda atsala momwemo. Tikachedwa pang'ono akawauza oyendetsawo kuti pali munthu watsika."

Mukuseka, koma inu simunakwere mabasi a kwathu a nthawi imeneyo. Basi ikaima pa Ntcheu, bambo amatsika kukagula mbatata kapena kukalonjera mnzake, mayi n'kutsala pampando. Dalaivala akaliza injini mayi uja amaimirira pakhomo, phazi limodzi kunja, n'kukuwa kuti dikirani pali wina watsika, ndipo basi yonse imang'ung'udza koma imadikira. A Chimwala anakalamba akuyenda choncho, ndipo sanasiyidwepo.

Tinapita nawo kwa a Tembo ku Qusais. Tsono a Tembo sakanalandira malume a akazi awo ndi nkhuku ya mufiriji, iyayi. Anali atakasaka yachikuda ku Sharjah, tambala wokalamba woti ngakhale moto unkamuopa. Ikuphikidwa, a Chimwala anayamba malonje, kuchokera tsiku lomwe anatseka chitseko ku Dedza, doko lililonse ndi nkhani yake, ndipo mlendo akamafotokoza malonje simumudula. Dzuwa litapendeka ine ndinayang'ana wotchi moti aliyense aone.

"Awe, a sisita," anatero a Tembo, "atate sangayende osadya m'nyumba mwanga. Manjemanje ipsa. Tizafika, inshallah."

Inapsadi, tinadya. Koma munthu wamkulu sangangosamba m'manja n'kuimirira ngati anabwerera chakudya chokha. Kunabwera tiyi. Kunabweranso Amalawi ena omwe anamva kuti kwafika munthu wa kumudzi, aliyense ndi funso lake la mvula ndi la abale ake, kenako pemphero la ulendo, kenako onsewo anati tiwaperekeze, ndiye tinadikira wina akatenge galimoto yachiwiri. Palibe analakwitsa mwambo ngakhale umodzi tsiku limenelo.

Masiku ano mukanangotumiza uthenga pa foni, mwinanso kukwera njanji n'kudumpha mzinda wonse. Nthawi imeneyo ochokera mbali ya ku Deira ndi ku Qusais madzulo tonse timakathithikana pa milatho ndi pa msewu wodutsa pansi pa madzi ku Shindagha. Magalimoto anangoti njo. A Tembo ankamenya chiwongolero, akukuwa m'Chiarabu kuti yalla, yalla, tiyeni, tiyeni, koma kutsogolo osasuntha. A Chimwala anakhala phee kumpando wa kutsogolo, manja pamimba, kumatiuza kuti tisade nkhawa, mayi aja amadziwa chochita. Titangotuluka pansi paja tinamva kulira kwa sitima, mawu aakulu, aatali, omveka mpaka m'chifuwa.

Pa doko tinapeza malo pomwe inaima paja pali madzi okhaokha, iyo ikuoneka chapatali itatembenuza kale msana. Panali bambo wina wa ku India, woimira kampani ya sitimayo kumtunda, atanyamula pasipoti ya a Chimwala ndi kachikwama. "Khalas," anatero, kutanthauza kuti basi zatha, ndipo anatifotokozera zomwe zinachitika.

ANabanda anachitadi monga mwa nthawi zonse. Dzina la amuna awo litayamba kuitanidwa pa zokuzira mawu, anatsika pang'onopang'ono ndi miyendo yawo yotupayo n'kukaima pakhomo pa sitima, phazi limodzi pa kamlatho kokwerera, dzanja litagwira chitsulo. Ogwira ntchito anawalemekeza, anadikirako ndithu kupitirira nthawi, koma sitima ili ndi anthu ambirimbiri ndipo doko lili ndi nthawi zake. Pomaliza mkulu wina anawauza ndi manja ndi Chizungu chapafupi kuti asankhe. Akafuna atsike, katundu yense awatsitsira, adikire amuna awo kumtunda. Akapanda kutero alowe, kamlatho kachotsedwe.

Mayi aja anapempha kuti awadikire pang'ono. Anapita kuchipinda, anatenga mankhwala a BP a amuna awo, malaya, lezala ndi magalasi owerengera, analongedza m'kachikwama, anadzakapereka kwa bambo wa ku India uja, ndipo analowa.

A Chimwala anatsegula kachikwamako, anayang'anamo, anayang'ana kunyanja.

"Ndiye kuti sanatsike?"

Ine chisoni chinandigwira, sindinama, chifukwa munthu wamkulu uja anaoneka wamng'ono mwadzidzidzi. Anagona m'chipinda cha ana a a Tembo mpaka mapepala atalongosoka, kenako anakwera ndege kukakumana ndi sitimayo ku India. Nyanja yaikulu ija aNabanda anaiwoloka okha.

Patapita zaka ndili ku tchuthi ndinawayendera ku Dedza. A Chimwala anali ku dimba, ndiye ndinapezerapo mpata wowafunsa mayiwo ngati sanachite mantha, okhaokha pakati pa anthu osamva chinenero chawo. Anapitiriza kusankha nyemba zawo m'lichero.

"Mantha ndinachita, mwana wanga. Usiku woyamba ndinalira. Koma bambo amenewa ndawadikira pa tchalitchi, pa depoti, pa golosale, pakhomo la basi anthu akundinyoza. Tsiku limenelo ndinayang'ana kumsewu, ndinayang'ana kunyanja, ndinati iwowa ndidzawaonabe, koma nyanja iyi sindidzaionanso."

Ndiye mukapita, ana anga, mukadye modekha, mukapereke moni kwa okukonzerani chipinda, ndipo mukatsika pa doko mukabwerere dzuwa likadali pamwamba, ngakhale okulandiraniwo akwiye. Mukawapepesa muli m'sitima. Iwe mkamwini wamva. Ndipo iwe Tadala, akakachedwa ameneyu, mankhwala ake ndi malaya ukamutumizire ndithu, koma usakatsike.