Moto Wotsiriza wa Mayi Tsuruoka

Olemekezeka Mfumu ya Mzinda wathu, Bambo Odagiri. Olemekezeka Mayi Hiyama, mkulu wa nyumba ino ya zaluso. Natsuki, mwana wa malemu. Oumba anzanga, amayi ndi abambo.

Ndikuthokoza pondiitana, ngakhale mpando mwandipatsawu unali woyenera Mayi Michiyo Tsuruoka, amene ntchito ya manja awo yatisonkhanitsa lero. Ndinawadziwa zaka makumi anayi, ng'anjo yanga tsidya lino la mtsinje, yawo tsidya linalo, ndipo tinkakangana kawirikawiri.

Dongo ankakumba okha kuphiri, ndipo mbale zawo zomwera tiyi sankazipaka kanthu. Ankasiya phulusa la nkhuni za paini kuti lisungunukirepo lokha m'ng'anjo. Nditawauza tsiku lina kuti mbalezo n'zopotoka, anati, "Zanu zowongokazo, a Kenzo, munthu akamweramo tiyi amayamba kusinza."

Chaka chatha sitiroko inapha dzanja lawo lamanja. M'nyumba yawo youmbira munatsala mbale makumi atatu, zouma koma zosawotcha. Anandiitanitsa kuchipatala n'kundipempha kuti ndiwawotchere. Ndinakana, ndinati ng'anjo yawo sindiidziwa.

"Ndiye zidikire ndani?" anatero. "Natsuki ali ndi ntchito yake kumzinda wa Osaka. Kakolezeni moto, inu. Ukalamba muli nawo kale, musawonjezerepo mantha."

Ndinasonkhezera masiku asanu. Tsiku lachinayi ndinaona ngati moto ukufooka, mtima unandithawa, ndinaponyamo nkhuni zambiri nthawi imodzi. Ng'anjo yotere imafuna sabata yathunthu kuti izizire, ndipo Mayi Tsuruoka anatisiya tisanaitsegule.

Titatsegula, zamphumphu zinali zisanu ndi ziwiri zokha. Zina zonse zinang'aluka chifukwa cha kupupuluma kwanga. Ndinapempha Natsuki kuti zong'alukazo tizikwirire kuseri kwa ng'anjo, koma iye anakana, anati zonsezo zinadutsa m'manja mwa amayi ake. Muzipeza m'chipinda chomalizira, zonse makumi atatu. Mukaona zidindo za zala, n'za malemu. Mukaona mng'alu, ndi wanga.

Ng'anjo ija sidzayakanso, popeza palibe woti aitenge, ndipo ifenso otsalafe mukutiona mmene takalambira.

Choncho, ndi mtima wosweka koma ndi ulemu wonse, ndikulengeza kuti chionetsero cha ntchito za Mayi Michiyo Tsuruoka chatsegulidwa. Lowani pang'onopang'ono.

Zikomo kwambiri pondimvetsera.