Ndinawauza Kuti Angolawa

Okonza pulogalamu, werengani nkhani yangayi koma dzina langa musalitchule. Ndine namwino, ndimakhala ku Braunstone mumzinda wa Leicester ku England.

Amuna anga anali atatha zaka zisanu osakhudza mowa. Anzanga akuntchito anatipatsa matikiti okaona fakitale yotcheza mowa waukali, ndipo ine ndinawakakamiza kuti tipite. Kumeneko wotiperekeza anandandalika timatambula ta bourbon, mowa wa ku America, pambali pa tizidutswa ta chokoleti. Anati tiyambe tasungunula chokoleti pa lilime, kenako timwere pang'ono.

"Amayi, ine ndingodya chokoleti chokha," anandiuza amuna anga.

"Abambo, musandichititse manyazi pa anthu. Ndi kungolawa basi," ndinawanong'oneza.

Analawa, n'kutsinzina kwa nthawi yaitali.

Tsopano patha miyezi isanu ndi itatu akumwa tsiku ndi tsiku. Ntchito yawo ya kuweyahausi, kosungirako katundu, inatha, ndipo ana amathawira kuchipinda akangomva makiyi pakhomo. Amuna anga sanandilozepo chala ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zikundidya mumtima.

Anzanga omvera, munthu akakana mowa, musamufunse kawiri.