Mafuta Oimitsa Mwamuna Panjira

Vainess anali atadikira mpaka mtima kuchita dzimbiri kuti Dixon, mnyamata wopereka mankhwala ku famase ya pachipatala amene ankaimba naye kwaya ku South Bend, ku America, atsegule pakamwa n'kumufunsira, koma mwamunayo anangoti zii, pomwe Lolemba likubweralo amasamukira ku Indianapolis kukayamba ntchito yatsopano. Popeza mkazi sayamba, Vainess anamuitana Loweruka masana kuti adzakonze mawu a patsamba la pa intaneti pomwe anthu adzasonkhe ndalama zoyambitsira bizinesi yake ya mafuta odzola, ndipo nyambo yonse anaibisa m'mawu omwewo.

"Werengani mokweza, a Dixon," anatero Vainess, akumukankhira laputopu patebulo la m'khitchini. "Ndimve mmene akukomera pakamwa pa mwamuna."

Dixon anapukuta magalasi. "'Salalani, mafuta a malambe ochiza chikanga, zipere ndi ming'alu.' Iyayi, achemwali. Apa pokha tamangidwa kale."

"Timangidwe taba chiyani?"

"Mukangoti 'ochiza', a boma kuno sawaonanso ngati zodzola. Amawaika m'gulu la mankhwala, ndipo mankhwala amayenera kuyezedwa."

"Anayezedwa! Azakhali anga ku Ndirande zipere zinatha psiti."

"Anatsimikiza ndani?"

"Amuna awo."

"Ndi dokotala?"

"Ndi kondakitala."

"Ndikudilita." Chala chinagwa pa batani. "Tilembe kuti 'amafewetsa khungu louma'. Zimenezo n'zololedwa."

"Khungu louma! Ngati tikugulitsa zikopa za ng'ombe. Hm. Pitirizani."

"'Ukadzola, utsikana umabwerera wokha.' Ayinso. Mafuta sasintha tsiku lobadwa. Tinganene kuti khungu limaoneka losalala. Kuoneka basi."

"Kuoneka? Tagwirani apa."

Vainess anapinda mkono wa juzi n'kugoneka dzanja lake pafupi ndi la Dixon. Khungulo linkanyezimira, kafungo kakukwera pang'onopang'ono, moti mwamuna wina aliyense akanaiwala ndi dzina la kwawo lomwe. Dixon anawerama n'kuuyang'ana mkonowo ngati akuwerenga lebulo ya botolo.

"Winawo uli kuti?"

"Wina uti?"

"Wosadzola. Kuti tifananize."

"Ndadzola yonse."

"Aaa, achemwali, mwawononga kafukufuku."

"Ndati gwirani!"

Dixon anatambasula chala chimodzi, nakhudza kamodzi, n'kuchibweza msanga ngati akuyesa simbi ngati yatentha.

"Wofewa ndithu. Koma chala chimodzi si umboni."

"Muli nazo khumi."

"Zinazi ndikutaipira."

Vainess anatsitsa mkono wa juzi mwamphamvu. "Werengani mzere wotsatira. Pang'onopang'ono. Muuganizire."

"'Fungo lake limamusowetsa mwamuna tulo.'" Dixon anawongoka pampando. "Izi ndiye zoopsa. Alipo amene wadandaula?"

"Sadandaula. Ndilo vuto lakelo. Sayankhula."

"Sayankhulanso? Tulo palibe, mawu palibe? Munaikamo chiyani m'mafutamu?"

"Malambe, batala wa mtedza wa shiya ndi timadontho ta vanila."

"Vanila sachita zimenezo. Anapita kuchipatala munthuyo?"

"Amapita tsiku ndi tsiku."

"Mwaona! Zafika poipa. Pafunika chenjezo pa lebulo: 'Osadzola pafupi ndi munthu woyendetsa galimoto.'"

"Mayo ine! A Dixon, amenewa ndi mawu okometsera malonda. Simunamvepo ogulitsa mafuta mumsika wa Limbe? Amanena kuti botolo limodzi limabweza ngakhale mwamuna wothawira ku Joni!"

"Ku Limbe wogula akanamizidwa amangotukwana. Kuno amapita kwa loya." Batani linaliranso. "Tilembe kuti 'amanunkhira vanila'."

"Ngati keke."

"Keke sanamangitsepo munthu."

Vainess anaimirira, nazungulira tebulo, nadzaima kumbuyo kwa mpando wa Dixon, pafupi kwambiri moti tsitsi lake linkamukhudza khutu.

"Chabwino. Zonsezo dilitani. Koma mutu waukulu uli pamwambawo musaukhudze. Umenewo ndifera pomwepo."

Dixon anasendeza mpando pang'ono kuti aone bwino. "'Mafuta oimitsa mwamuna panjira.' Mwamuna uti? Njira iti?"

"Njira ya ku Indianapolis."

"Msewu wa 31? Pamenepo munthu saima, achemwali. Matiraki ake mumawadziwa inu?"

"Ameneyu ayenera kuima."

"Ndiye kuti alipo munthu wake." Mawu a Dixon anatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba zala zake zinachoka pa laputopu. "Chabwino. Ngati alipo, alembe umboni ndi dzina lake. Popanda zimenezo oyang'anira masamba osonkhera ndalama sangaliapuruve tsambali. Ndi ndani?"

"Mumamudziwa. Timaimba naye kwaya."

"Mawu ati?"

"Besi."

"Tilipo angapo."

"Amavala magalasi."

"Eya."

"Amagwira ntchito kuchipatala."

Dixon anavula magalasi, naganiza mozama, nawavalanso. Kenaka anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"A Hamilton!"

"Chiyani?"

"Ali pabanja, achemwali! Ana atatu! Akazi awo, Mayi Joan, amene amakutengani pa galimoto yawo Lamulungu lililonse, muwachite zotere?"

"A Hamilton ali ndi dazi mpaka kunkhongo!"

"Dazi silinaletsepo tchimo."

"Ndipo sapita ku Indianapolis!"

"Amapita mwezi ndi mwezi kukagula ufa ndi usipa ku Lafayette Road. Ndiye mukufuna muziwaimitsa panjira, ana kunyumba akudikira ufa?"

"Khalani pansi, a Dixon."

"Sindikhala. Mutuwu uchoke. Choyamba, ulibe umboni. Chachiwiri, ukakhala ndi umboni, nkhaniyi ipita kwa abusa."

"Mutuwo suchoka!"

"Tiusinthe. 'Mafuta oyenera anthu a mabanja ndi osakwatira, aliyense kwake.'"

"Si a Hamilton!" Vainess anamenya tebulo, mabotolo a mafuta n'kuchita gwedegwede. "Ndi wosakwatira, ndi wouma mutu kuposa thanthwe, ndipo chifikireni m'nyumba muno akungodilita moyo wanga mzere ndi mzere!"

Dixon anayang'ana kuchitseko. Anayang'ana kuseri kwa firiji. Kenaka anadziloza pamtima.

"Ine?"

"Ayi, ketulo."

"Oo."

"'Oo' basi? Nayi laputopu. Mumafuna umboni wa mwamunayo, si choncho? Lembani. 'Ine Dixon, mafuta awa anandiimitsa.' Musaine pansi pake."

Dixon anakhala pansi. Anaika zala pa mabatani, nazichotsanso.

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Lingakhale bodza."

Abale, mawu ena amazizira kuposa mphepo ya mu Januwale. Kunja chipale chofewa chinkagwa mwakachetechete pa magalimoto, ndipo Vainess anachiyang'ana kanthawi. Anatseka botolo limene linali lotsegula, nalipukuta ndi kansalu ngakhale linali loyera kale.

"Ndamva. Zikomo pondithandiza. Jekete lanu lili pachitseko. Muyende bwino Lolemba."

"Tsambali sitinamalize."

"Ndimaliza ndekha. Ndilemba kuti amafewetsa zikopa."

"Achemwali, simunandimvetse. Umboni wa zodzola umakhala ndi mbali ziwiri: munthu asanadzole, ndi atadzola. Kuti tinene kuti mafuta ndiwo achita chinthu, chinthucho chiyenera kuchitika atadzola."

"Ndiye?"

"Ndiye ine ndinaima musanadzole."

Kansalu kaja kanagwa pansi.

"Tsiku loyamba kubwera ku kwaya," anapitiriza Dixon, maso ali pa laputopu ngati akuwerenga pamenepo. "Munali mutangofika kumene kuchokera kumudzi, kuzizira kwa kuno musanakudziwe. Munalowa mutatuwa mbuu ngati mwagona paphulusa, milomo itang'ambika, mutavala jekete lobwereka lofika m'maondo. Munalakwitsa nyimbo yoyamba. Ine ndinalakwitsa zonse zotsala. Mafuta amenewa nthawi imeneyo munali musanawaganize n'komwe. Kuwapatsa ulemu umenewo ndi kunamiza ogula."

"Nanga... nanga nthawi yonseyi osanena bwanji?"

"Ndinanena."

"Kwa ndani?"

"Kwa amalume anga. Iwo anapita kwa amalume anu ku Zomba."

"Munafunsira amalume?"

"Ine sindiposita chinthu asanachiapuruve."

"Inu a Dixon inu! Amayamba ndi mkazi, amalume pambuyo!"

"Ndi zimenenso anena amalume anuwo. Ayankha dzulo pa foni. Akuti iwo alibe mawu, koma ndikufunseninso inuyo, poti akuti mwiniwake ndinu. Ndimati ndichite zimenezo tikamaliza tsambali. Ntchito kaye."

"Ndipo Lolemba?"

"Lolemba ndikupita ndithu. Koma nyumba ndasankha ya khitchini yaikulu, chifukwa mapoto anu osungunulira shiya sangakwane pena paliponse. Ndinawayeza tsiku lija ndinabwera kudzakonza sitovu."

Vainess anagwira pakamwa. Anaseka, misozi n'kutsika, nasekanso. Dixon anaimirira, nakonza kolala, natsokomola ngati akufuna kuyamba besi.

"Choncho, Vainess, malinga ndi malangizo a amalume, ndikufunsa ngati..."

"Dikirani." Vainess anakweza dzanja. Maso ake anali atatembenukira ku mabotolo aja, ondandalikidwa bwino patebulo, lililonse ndi lebulo yake yagolide. Kuseka kunazimiririka pang'onopang'ono. "Mwati ndinali mbuu?"

"Mbuu weniweni."

"Ndipo chiyambire kudzola, palibe chawonjezereka? Ngakhale pang'ono?"

Dixon anaganiza moona mtima. "Palibe. Zinali zitadzaza kale."

Vainess anakoka laputopu, naikumbatira pachifuwa, natukula chibwano.

"Ukwatiwo ndavomera. Koma mubweze mawu amenewo musanatuluke muno. Mukufuna kunena kuti mafuta anga sagwira ntchito?"