Madzi a Mchere a Amayi

Pa siteji ya ku Kapata, Jonah anafumbata botolo la madzi, maso ali pansi. Mayi wina wodikira minibasi ya ku Chipangali anamuyandikira.

"Bambo, amenewo ndi madzi odalitsa?"

"Ayi mayi, ndi a m'nyanja yamchere. Tinali ku Dar es Salaam ndi akazi anga."

"Ee, anthu odala inu! Munadyerera?"

"Masana kugombe, madzulo m'mabala. Foni ndinazimitsa kuti achibale asatisokoneze."

"Nanga madziwo?"

"Amayi anandituma, oti azithowera miyendo yotupa."

"Akasangalalatu."

"Anawaika tili komweko. Poika nkhata anaitana dzina langa, panalibe woimirira."

"Kalanga ine! Ndiye mukupita kumudzi?"

"Minibasi zikungonyamuka, mayi. Ine miyendo ikukana."