Amataipi ndi Achikulire a M'botolo

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1954, ali mwana wachiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo athu anali telala, mayi athu ankagulitsa masamba pamsika. Ine amene ndikuwerenga ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo mbiriyi ndailemba mothandizana ndi amuna a malemu, alamu athuwa, amene akhala pafupi ndi bokosi. Iwo atipempha zinthu ziwiri. Choyamba, tisabise kuti iwo ndi munthu wansanje. Chachiwiri, tiyankhe poyera funso limene ena mwakhala mukunong'onezana kuseri kwa tenti, loti n'chifukwa chiyani thupi linayamba ladzera ku yunivesite lisanafike kunyumba kuno.

Malemu anayamba sukulu mu 1961, nalowa sekondale mu 1969. Pa mayeso omaliza a 1972 anakhoza bwino kwambiri sayansi ya zamoyo, koma masamu anawagwetsa, ndipo khomo la yunivesite linatsekeka. Mu 1973 anaphunzira kutaipa. Pa 7 Januwale 1974 anayamba ntchito ya ukalaliki pa sukulu ina ya sekondale, ndipo anakhala pa desiki lomwelo zaka makumi anayi, akutaipa mayeso oti alembe ana a eni. Dzina loti Amataipi linachokera kumeneko.

Mu 1976 wailesi ya m'chipinda cha aphunzitsi inasiya kulira, ndipo malemu anatumidwa kukaisiya kwa mnyamata wina wokonza mawailesi. Ntchito ya tsiku limodzi inatha mwezi, chifukwa mmisiriyo ankangoti abwerenso mawa. Mmisiriyo ndi alamu athuwa, ndipo anakwatirana pa 20 Ogasiti 1977. Mulungu anawapatsa ana atatu, mu 1978, mu 1981 ndi mu 1986.

Nsanje ya alamu inkadziwika ndi aliyense, koma siinali yovuta kukhala nayo. Ankaperekeza akazi awo pa njinga mpaka pachipata cha sukulu, n'kuima pang'ono kuti aone nkhope ya mphunzitsi wamwamuna aliyense watsopano. Wogulitsa nyama wina atawonjezera malemu kafupa pa sikelo, banja lonse linadya nyemba mwezi wathunthu. Dzanja sanakwezepo, ndipo mawu achipongwe sanatulukepo pakamwa pawo. Malemu ankangoseka, n'kumati amuna awo ali ngati wailesi ya aneba: imasokosa, koma ikazima umayamba kufunsa ngati kuli bwino.

Pa 8 Juni 2010 alamu anagwa pa benchi yawo ya ntchito ndi matenda a sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, ndipo mawu anawathawa. Ankamva zonse, ankadziwa chimene akufuna kunena, koma pakamwa pankangotuluka "eya". Malemu anawaphunzitsanso kulankhula liwu limodzilimodzi pa tebulo lodyera: kapu, madzi, khomo. Pofika 2012 alamu ankatha kulumikiza mawu angapo, monga mmene mumawamvera lero. Madokotala anangonena kuti magazi anaundana m'mutu, ndipo zimachitika. Malemu sanakhutire. Ankati munthu amene wathera moyo wake akutsegula mawailesi a anthu kuti apeze pamene waya waduka sangamangouzidwa kuti zimachitika.

Anapuma pa ntchito mu Disembala 2013. Mu 2014 analembanso masamu aja, atakhala m'chipinda chimodzi ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zawo, ndipo anakhoza. Mu Seputembala 2015, ali ndi zaka 61, analowa yunivesite kukachita digiri yoyamba ya sayansi ya ubongo ndi mitsempha. Alamu anavomera, poganiza kuti ndi sukulu ya miyezi itatu ngati ya kutaipa ija. Anauzidwa pambuyo pake kuti ndi ya zaka zinayi.

Chaka choyamba chinali cha kemisitiri, fizikisi ndi maselo, zinthu zimene alamu sanaonemo vuto. Vuto linali anthu. Tebulo limene iwo anaphunzirirapo kutchula kapu linadzaza mabuku, ndipo Loweruka lililonse kunkabwera ophunzira anzawo a malemu, anyamata ndi atsikana, kudzawerengera pamodzi. Ankakangana za mmene uthenga umadumphira kuchoka pa selo ina kupita pa inzake, mofulumira, akudulana mawu, akuseka. Alamu ankakhala pakhonde, chitseko chili chotsegula. Iwo kuti amalize chiganizo chimodzi pankafunika kuti anthu adikire, ndipo m'chipinda muja munalibe wodikira. Ophunzirawo ankawatchula malemu kuti Amayi. Tsiku lina alamu anasuzumira m'nyumba n'kufunsa kuti: "Amayi a ndani? Ine atatu basi."

Mu Okutobala 2016, m'chaka chachiwiri, malemu anagwira koyamba ubongo wa munthu. Mu labotale ya yunivesite muli mashelefu a mabotolo akuluakulu, ndipo pa shelefu yachitatu, pamene maso a munthu woimirira amafika, panali ubongo wa bambo wina amene anaupereka zaka zambiri zapitazo. Dzina lawo silidziwika. Ophunzira amangowatchula kuti Achikulire. Malemu anabwera kunyumba malaya akununkha mankhwala osungira, ndipo sanakambe china pa chakudya. Anati Achikulire ndi olemera kuposa mmene ankaganizira, anati ndi ofatsa, anati ali ndi makwinya okongola. Alamu analoza pamphumi pawo n'kunena kuti: "Awa simuwaona?" Ana anaseka. Bambo awo sanaseke.

Kuyambira pamenepo Achikulire analowa m'banja. Malemu akachedwa kubwera, alamu sankafunsa za basi, ankangoti, "Ali bwanji akuluwo?" Mu 2017 malemu analephera phunziro la masamu a kafukufuku, nalilembanso patchuthi n'kukhoza. Alamu avomereza kuti tinene kuti uthenga wa kulepherawo anaulandira ndi mtima wopepuka, ndipo kuti wa kukhoza unawapweteka. Komabe ndi iwo amene anakonza nyale ya pa desiki ya malemu ndi dzanja lawo lamanzere, waya atamugwira ndi mano.

Pa 12 Meyi 2018 yunivesite inatsegula zitseko kuti achibale a ophunzira adzaone, ndipo malemu anatenga amuna awo. Anawaonetsa tizidutswa ta ubongo wa khoswe topakidwa utoto pansi pa maikulosikopu. Anawaveka chipewa cha mawaya chimene chimajambula mafunde a m'mutu, ndipo alamu anapeza waya mmodzi wolumikizidwa mosasamala n'kumudzudzula mnyamata amene anamulumikiza. Kenako anafika pa shelefu yachitatu. Malemu, ali ndi chimwemwe cha munthu amene wapeza chimene anachifunafuna zaka zisanu ndi zitatu, analoza pa galasi, mbali ya kumanzere chakutsogolo, n'kunena kuti: "Akulu, mawu amapangidwira apa. Kwa inu pamene panawonongeka ndi pomwepa. Kwa awa mpabwinobwino." Malemu ankafotokoza sayansi. Alamu anamva kuti pali mwamuna wina amene ali ndi zonse zimene iwo anataya, ndipo akazi awo amamunyamula m'manja awiri Lachitatu lililonse. Anatuluka kukadikira panja, ndipo mlungu wotsatira anabwerera ku "eya" wawo uja.

M'chaka chomaliza malemu anachita kafukufuku wa mmene anthu amene anadwala sitiroko amaphunziriranso kulankhula. Mu Febuluwale 2019, ntchitoyo ili pakati, anawapeza ndi khansa ya m'matumbo. Anachitidwa opaleshoni mu Marichi, nalemba mayeso omaliza mu Juni atatsamira pilo. Pa 30 Ogasiti 2019 analandira digiri yawo ali pa njinga ya odwala. Anyamata a m'kalasi mwawo anadzipereka kuwakankha. Alamu anakana. Anakankha okha ndi dzanja limodzi, njinga n'kumakhotera mbali imodzi ulendo wonse, mpaka akuluakulu a yunivesite anachita kutsika pa nsanja kukawachingamira pamene anathera.

Pa 22 Seputembala malemu anatiitana, ana awo ndi ine, n'kunena pamaso pa amuna awo kuti akamwalira ubongo wawo upite ku labotale ija, kuti ena adzaphunzirirepo monga iwo anaphunzirira pa Achikulire. Yunivesiteyo silandira mphatso yotere popanda chilolezo cha mwamuna kapena mkazi wotsala, ndipo ntchitoyo imayenera kuchitika pasanathe masiku awiri munthu atamwalira. Alamu anati: "Zaka zinayi anatenga. Tsopano mutu?" Malemu anayesa kuwanyengerera. Anati: "Akulu, mtima wonse ndikukusiyirani inu." Alamu anayankha pang'onopang'ono, ndipo tonse tinadikira: "Munati mtima ndi pampu. Munati ine ndili m'mutu mwanu." Zinali zoona, malemu anawaphunzitsa zimenezo okha m'chaka choyamba. Anangoti nkhaniyo aisiya m'manja mwa amuna awo, ndipo sanaitchulenso.

Malemu anamwalira Lolemba pa 14 Okutobala 2019 masana, kuchipatala, ali ndi zaka 65. Anamwalira amuna awo asanavomere.

Lachiwiri m'mawa alamu anavala jekete n'kundiuza kuti ndiwatengere ku yunivesite. Sananene chimene akukachita, ndipo ine ndinkayembekeza kuti akukakana pamaso. Mayi amene amatsogolera dipatimenti anatilandira mu labotale. Alamu anapita molunjika pa shelefu yachitatu, naima nthawi yaitali akuyang'anizana ndi Achikulire. Kenako anafunsa kuti akazi awo adzaikidwa pati. Mayiwo analoza malo opanda kanthu, pambali penipeni pa botolo lija. Alamu anapukusa mutu. Anagogoda pamutu pawo ndi chala n'kufunsa kuti: "Woonongeka mumalandira?"

Mayiwo anayankha mosabisa kuti ubongo wa munthu amene anataya mawu n'kuwapezanso ndi umene ophunzira amangouona m'mabuku, ndipo kuti pa mashelefu onsewo palibe wotere. Alamu analoza botolo lija n'kufunsa kuti: "Kuposa awa?" Mayiwo anati: "Kuposa awa, bambo."

Pamenepo alamu anapereka chilolezo, pamodzi ndi mfundo zawo. Tsiku lawo likadzafika, ubongo wawo udzapite komweko. Mabotolo awiriwo adzagundane, wa akazi awo kumanja, chifukwa ndiyo mbali imene malemu ankayenda powachirikiza. Ndipo Achikulire asamuke. Mayiwo anati adzasamutsidwa mlungu wamawa. Alamu anakoka mpando n'kukhala. Anadzuka pokhapokha ataona ndi maso awo botolo lija litatsitsidwa pa shelefu ya pansi, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi sinki. Potuluka anawavulira chipewa Achikulire, pakuti alamu ndi munthu waulemu.

Choncho, anamalira, thupi linadzera ku yunivesite Lachiwiri masana, ndipo linafika kuno dzulo. Palibe chimene chabedwa, palibe chimene chagulitsidwa. Chachitika ndi chimene malemu anapempha ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo mwini nyumba wavomereza. Amene ali ndi funso lina adzafunse ine, osati kuseri kwa tenti.

Malemu asiya amuna awo, amene akhala nawo m'banja zaka makumi anayi ndi ziwiri. Ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ndi ife abale awo atatu amene tatsala.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala kuyambira Febuluwale, aneba amene sanatope kutigogodera, aphunzitsi a sukulu imene malemu anagwirako ntchito, ndi a mpingo amene atsogolera mwambo uno. Tikuthokoza aphunzitsi a ku yunivesite chifukwa chosunga mawu awo. Ophunzira amene mwabwera pa basi, alamu akuti akuonani. Akuti muthandize kunyamula bokosi, koma kumutu kukhale ana awo obereka.

Alongo athu, Amataipi, mzimu wanu uuse mumtendere. Amuna anu akuti sakufulumira, koma malo a kumanzere kwanuwo ndi awo, ndipo azipita Lachitatu lililonse kukaona kuti sipanaikidwe wina.