Nyali Zoonera Ng'ombe Yakuda

Ndinkadikira chubu pasitolo ya zipangizo za njinga ku Ngabu, mwana akundilirira kumsana. Mnyamata wina ankasankha nyali za njinga yake yamoto ya mataya anayi, mayi wina akumuyang'anitsitsa.

"Achimwene, nyali zowala chonchi n'zachiyani?" anafunsa mayiyo.

"Mpikisano wausiku, mayi, mumsewu wa kudambo uja. Izi zikayaka, ngakhale nyerere umaiona."

"Nanga ng'ombe?"

"Aaa, mayi! Ng'ombe n'kubisala?"

"Zathu zimagona pamsewu pomwepo, pothawa matope a m'khola. Tengani zazikuluzo, muike zinayi."

"Ziwiri zakwana. Chaka chatha ndinapambana ndi ziwiri basi."

"Ohoo, munali inu eti? Imene munaigunda ija inali yoyera, mwezinso ukuwala. Yatsalayi ndi yakuda. Ikani zinayi."